Chigubu cha whey kapena mulu wa usipa: chomanga minofu n'chiti?

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu ndipo ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Luwinga. Ndimalemera makilo 62. Papita miyezi isanu chiyambire kunyamula zitsulo, katatu pa sabata, koma thupi silikusintha monga ndimafunira. Anzanga ku jimu akuti popanda ufa wa whey ndikungotaya nthawi, ndipo mmodzi akugulitsa chigubu chochokera ku Joni pamtengo woposa lendi yanga ya mwezi. Kodi ndigule, kapena zakudya zathu zomwezi zingandikwanire?

Yankho: Achimwene, lendi lipirani, chigubucho chisiyeni kaye. Sindikunena kuti ufa wa whey ndi woipa, kapena kuti anzanuwo akunama pa zonse. Ufawu umagwiradi ntchito, koma ntchito yake ndi yomweyo imene mazira, usipa, soya ndi mkaka zimagwira, ndipo zinthu zimenezi mumazidutsa tsiku ndi tsiku pamsewu wopita ku Luwinga. Zimandiwawa kuona mnyamata wogwira ntchito yolemetsa ngati yanuyi akudzimana ndiwo mwezi wathunthu kuti agule chinthu chimene chingomupatsa gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene thupi lake limafuna pa tsiku.

Tiyambe ndi chimene chili m'chigubumo. Amene anaonapo mkaka ukusasa n'kukhala chambiko amadziwa kuti umapatukana pawiri: zolimba zimaundana, pambali n'kutsala madzi achikasu pang'ono. Madzi amenewo ndiwo whey. Kumafakitale opanga tchizi ku Ulaya, ku America ndi ku New Zealand madziwa amatsala ochuluka zedi, ndipo kale ankangowataya kapena kumwetsa nkhumba. Pambuyo pake anapeza njira yowasefa ndi kuwaumitsa mpaka asanduke ufa. Pa mapuloteni (zomanga thupi) onse a mumkaka wa ng'ombe, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi whey, otsalawo ndi mtundu wina wotchedwa casein. Choncho chimene mnzanuyo akugulitsa ndi mkaka wochotsedwa madzi, casein, mafuta ndi shuga wake wambiri, n'kuthiramo zonunkhiritsa za chokoleti kapena vanila. Kachikho kamodzi kamene kamabwera m'chigubumo, ka magalamu 30, kamakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 24. Mazira anayi owiritsa amakupatsani mlingo womwewo.

Chakudya chilichonse chomanga thupi chikafika m'mimba chimagayidwa n'kusanduka tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma amino acid. Tilipo mitundu 20, ndipo mitundu 9 thupi silitha kudzipangira lokha, liyenera kuipeza m'zakudya. Mukanyamula zitsulo minofu imavutika, ndipo kwa tsiku limodzi kapena awiri otsatira imakhala ikudzikonza ndi kudziwonjezera pogwiritsa ntchito tizidutswa timeneti. Kaya tachokera m'chigubu cha ku Joni, kaya mumphika wa usipa wa ku Nkhata Bay, tikalowa m'magazi ndi timodzimodzi. Pali kamodzi kotchedwa leucine kamene kamadzutsa ntchito yomangayi, ndipo whey ali nako kambiri komanso amagayika msanga. Apa ndi pamene ogulitsa amatsamira, ndipo sakunama. Chimene satchula n'chakuti mazira, nsomba, nyama, mkaka ndi soya zilinso ndi leucine wokwanira munthu akadya mlingo woyenera, ndipo kugayika msangako sikusintha kukula kwa mkono wanu pakatha miyezi itatu.

Nkhaniyi inafufuzidwa kwambiri. Mu 2018, Robert Morton ndi Stuart Phillips a ku McMaster University ku Canada, pamodzi ndi anzawo, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 49 wokhudza anthu 1,863 onyamula zitsulo. Ena mwa anthuwa ankawonjezeredwa mapuloteni, ena ayi. Owonjezeredwawo anaposa anzawo ndi minofu ya magalamu pafupifupi 300 okha, pa nthawi ya miyezi itatu kapena kuyandikira apo. Mbali yaikulu ya kusintha kwa matupi awo inachokera ku zitsulo zimene ankanyamula. Chachiwiri chimene anapeza ndicho chofunika kwa inu: phindu limaleka kukwera munthu akafika pa magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilo iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Munthu wosanyamula zitsulo amangofunika theka la mlingowu, magalamu 0.8. Inu mukulemera makilo 62, ndiye 62 kuchulukitsa ndi 1.6 ikutipatsa 99. Tinene kuti magalamu 100 pa tsiku. Nambala yanu ndi imeneyo, ndipo funso lenileni ndi lakuti mbale yanu ikuifikira kapena ayi.

Ndikukayika ngati ikuifikira, ndipo chifukwa chake si kusowa kwa whey. Anyamata ambiri amene amabwera kwa ine ndi dandaulo ngati lanuli, ndikawafunsa zimene adya dzulo, yankho limafanana. M'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi awiri, kapena mbatata, kapena chinangwa chophika. Masana tchipisi cha pachiwaya, mwina ndi kachidutswa kamodzi ka nyama. Madzulo nsima mitanda itatu kapena inayi, ndiwo zake mpiru ndi timatemba tochepa tosambira mumsuzi, mbale imodzi anthu asanu. Munthu amagona atakhuta, n'kumadabwa kuti bwanji sakukula. Mukawerengera bwino tsiku lotere, mapuloteni ake amathera pa magalamu 40 kapena 50, ndipo ambiri mwa iwo achokera mu nsima.

Kadyedwe kathu kanakhazikika pakuti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zongotsetserekera. Ufa wa chimanga uli ndi mapuloteni, magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 a mgaiwa, koma ndi opelewera: muli lysine ndi tryptophan wochepa, awiri mwa ma amino acid 9 aja. N'chifukwa chake nsima ndi nyemba zimagwirizana, pakuti nyemba zili ndi lysine amene chimanga chikusowa. Kuno kumpoto palinso nkhani ya kondowole. Amene anakulira kunyanja kapena amakhala ndi abale a ku Nkhata Bay amamudziwa kukoma kwake ndi mmene amakhalitsira m'mimba, ndipo sindingauze munthu kuti amusiye. Koma ufa wa chinangwa uli ndi mapuloteni osapitirira magalamu 2 pa magalamu 100. Makolo a kunyanja ankalimba ndi kondowole chifukwa nsomba zinali zochuluka pambali pake. Kondowole yemweyo akabwera m'tauni n'kumadyedwa ndi masamba okha, mimba imadzadza koma minofu ilibe chomangira. Tsiku la kondowole, ndiwo za nsomba kapena nyemba ziyenera kuwirikiza.

Tsopano tione zimene zili pamsika. Usipa wouma ndiwo ndimauika patsogolo, chifukwa kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Manja awiri odzadza, magalamu 45 kapena 50, akufanana ndi kachikho ka whey kaja. Utaka, matemba ndi bonya zili m'gulu lomwelo. Ma soya pieces osaphika, theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndiye kapaketi ka magalamu 100 mukadya nokha theka lake mwapeza magalamu 25. Soya wa njere ali ndi magalamu 36 pa 100, mtedza 25, nyemba zouma 21 kapena 22. Nyemba zikaphikidwa zimamwa madzi, moti kapu imodzi yodzadza imakupatsani magalamu 15. Dzira limodzi 6. Theka la lita ya mkaka kapena chambiko 16. Nyama ya nkhuku, ya mbuzi kapena ya ng'ombe yophika, chidutswa chachikulu ngati chikhatho chanu, 25 mpaka 30. Nthawi ya mvula zoyamba ngumbi zikatuluka musazinyoze, ndipo mphalabungu zouma nazonso ndi ndiwo zomanga thupi zenizeni.

Tsiku lanu likhoza kuyenda chonchi popanda kusintha moyo wonse. M'mawa, m'malo mwa tiyi ndi mandasi, phala la mgaiwa lothiramo masupuni atatu akuluakulu a ufa wa soya, kuphatikiza mazira awiri owiritsa. Apa mwayandikira kale magalamu 28 musanagwire chitsulo chilichonse ku Luwinga. Kusakaniza chimanga ndi soya si nzeru yachilendo, ndi momwe Likuni Phala amapangidwira, ndipo amayi athu akhala akulerera ana phala limeneli kwa zaka zambiri. Masana nsima mitanda itatu ndi kapu yodzadza ya nyemba kapena nandolo, magalamu 27 kapena kuposerapo. Poweruka, musanapite ku jimu, kapu ya chambiko ndi dzanja limodzi la mtedza wokazinga, 15. Madzulo nsima, manja awiri a usipa ndi chigwada kapena nkhwani zotendera, 35. Mukaphatikiza mwadutsa 100, nyama simunaione n'komwe.

Chovuta pa dongosololi ndikuchidziwa, ndi mbale ya pakhomo. Ngati mumadya ndi abale, simungatenge usipa wa anthu asanu n'kuuthira m'mbale yanu, ndipo sindingakulangizeni kutero, makamaka ngati pali ana kapena mayi woyembekezera, amene akufunika zomanga thupi kuposa inu. Njira yake ndi kuwonjezera mumphika wonse, ndalama imene mukadagulira chigubu ipite ku ndiwo za banja lonse, kenako inu muzidzisungira zanu zapadera zosafuna mphika: mazira owiritsa, mtedza, chambiko, ufa wa soya wa m'phala. Chakudya cha m'mawa ndicho chosavuta kukonza, ndipo ndi pamene anyamata ambiri amataya magalamu 25 tsiku lililonse osadziwa.

Za mtengo, werengerani nokha ndi mitengo ya sabata ino. Tengani magalamu 25 a mapuloteni ngati muyezo umodzi. Chigubu cha kilo imodzi ya whey chili ndi miyezo pafupifupi 32, kutanthauza kuti mukamamwa kachikho kamodzi pa tsiku chimatha pamwezi, ndipo magalamu 75 otsalawo muyenera kuwapezabe m'zakudya. Kilo ya usipa wouma ili ndi miyezo yoposa 20. Kilo ya ma soya pieces ili ndi 20, kilo ya soya wa njere 14, thireyi ya mazira 30 ili ndi 7. Gawani mtengo wa chilichonse ndi nambala imeneyo, muone kuti muyezo umodzi ukukudyerani zingati. Whey salimidwa kuno ndipo sapangidwa kuno, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake umalumpha nthawi yomweyo. Soya amalimidwa ku Mzimba ndi ku Kasungu konkuno, ndipo mukagula ndowa nthawi yokolola, mu April kapena May, imakufikitsani kutali. Usipa nawo uli ndi nyengo zake. Asodzi amaugwira usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri umasowa, ndipo mwera ukamawomba panyanja miyezi yozizira ya June ndi July mulu umachepa pamsika. Ukachuluka ku Zigwagwa kapena kumsika waukulu, gulani wambiri wouma bwino, muusunge pouma.

Pali china chimene chigubu sichingakupatseni. Usipa timadya wathunthu, mutu, minga ndi zam'kati, ndiye umabwera ndi calcium wolimbitsa mafupa, ayironi ndi zinc za magazi, mavitamini A ndi B12, ndi mafuta abwino a nsomba. Nyemba zimabwera ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Mtedza umabwera ndi mafuta opatsa mphamvu, amene munthu wowonda ngati inu akuwafuna kwambiri. Mu 2017 ochita kafukufuku a ku University of Illinois ku America anapatsa anyamata mazira atangomaliza kunyamula zitsulo, tsiku lina athunthu, tsiku lina choyera chokha, koma mapuloteni ofanana, magalamu 18. Ntchito yomanga minofu inakwera kwambiri tsiku la mazira athunthu. Ndikutchula izi chifukwa ndamva anyamata ena akutaya chachikasu cha dzira potengera zimene amaona pa YouTube. Idyani dzira lonse. Ndipo liphikeni. Chizolowezi chomeza mazira osaphika m'mawa n'chotayitsa ndalama: kafukufuku wa ku Belgium wa 1998 anaonetsa kuti thupi limatenga mapuloteni 91 pa 100 alionse a dzira lophika, koma 51 okha a dzira laliwisi, kusiyapo chiopsezo cha matenda otsegula m'mimba.

Mwina mwamvanso ku jimu kuti soya amachepetsa mphamvu zachimuna kapena kumeretsa mawere. Mphekesera imeneyi yafala, koma akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku 41 mu 2021 sanapeze kuti soya amatsitsa mahomoni achimuna otchedwa testosterone. Chaka chomwecho ku University of São Paulo ku Brazil anayerekeza anyamata osadya nyama konse ndi anzawo odya zonse. Magulu onse anafikitsidwa pa magalamu 1.6 aja, osadya nyama powawonjezera soya, enawo powawonjezera whey. Patatha masabata 12 akunyamula zitsulo, minofu ndi mphamvu zinakula mofanana. Chimene muyenera kusamala pa soya ndi kakonzedwe. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zotchinga kugaya kwa mapuloteni ndipo amatupitsa m'mimba. Musankheni, mumuponye m'madzi owira kale kwa theka la ola, mumuyanike, kenako kuchigayo. Ena amakazinga mpaka atapsa bwino, nazonso zimatheka. Mtedza ndi nsinjiro samalani chuku: njere zofota, zakuda kapena zowawa tayani, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga. Mkaka wogula kwa alimi a ng'ombe ozungulira mzinda uno, monga a ku Lusangazi, ndi wabwino komanso wotsikirapo mtengo, koma uwiritseni musanamwe.

Tsopano za chigubu cha mnzanuyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa malonda awa mwambiwu ndi woona. Ku America, kumene ena mwa maufawa amachokera, lamulo la 1994 limalola kampani kugulitsa zinthu zotere popanda boma kuziyeza kaye monga limachitira ndi mankhwala. Akatswiri a ku Cologne ku Germany, mothandizidwa ndi International Olympic Committee, anagula zinthu zowonjezera mphamvu 634 m'mayiko 13 mu 2000 ndi 2001, ndipo anapeza kuti pafupifupi 15 pa 100 zilizonse zinali ndi mankhwala a gulu la ma steroid okulitsa minofu osalembedwa pachikuto. Kwa wosewera mpira kapena wankhonya, zoterezi zimaletsetsa masewera. Palinso chinyengo china. Njira yofala yoyezera mapuloteni imayeza nitrogen, chinthu chopezeka m'mapuloteni onse, ndiye opanga osakhulupirika amathira zinthu zotchipa zokhala ndi nitrogen wambiri kuti nambala ikwere. Chinyengo cha mtundu womwewu ndicho chinadwalitsa ana pafupifupi 300,000 ku China mu 2008, pamene melamine, mankhwala a m'mafakitale okhala ndi nitrogen wambiri, anathiridwa mumkaka wa makanda. Makampani odalirika alipo, ndipo ena amatumiza katundu wawo kukayezedwa ndi mabungwe oima paokha monga Informed Sport, chizindikiro chake n'kuikidwa pachigubu. Koma chigubu chodutsa m'manja ambiri, chopanda chomata cha kufakitale, chofufutika tsiku lothera ntchito, kapena ufa wopimidwa m'tijumbo, simungadziwe kuti muli chiyani.

Onaninso dzina lake. Ngati palembedwa kuti mass gainer, mbali yaikulu ya ufawo ndi shuga wa mtundu wa maltodextrin wopangidwa kuchokera ku chimanga, mapuloteni ndi ochepa. Kumeneko ndi kugula chimanga pamtengo wa ndege, pamene phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mkaka ndi nthochi ziwiri likuchita zomwezo. Chinanso, akuluakulu ambiri kuno kwathu mimba zawo sizigaya bwino shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, ndipo whey wotchipa, wolembedwa kuti concentrate, amakhala nayebe. Zotsatira zake ndi mpweya, kulira kwa m'mimba ndi kutsegula. Wolembedwa kuti isolate amakhala ndi lactose wochepa koma ndi wodula kwambiri. Chambiko ambiri chimawayanja chifukwa kusasa kuja kumachepetsako shugayu.

Ndikuchonderereni pa zinthu ziwiri zimene zimayenda m'majimu ndi m'misika. Choyamba ndi mapiritsi ndi jakisoni. Amene amagulitsidwa ngati onenepetsa nthawi zambiri amakhala cyproheptadine, amene amangokupatsani njala ndi tulo, kapena dexamethasone, amene amatupitsa nkhope ndi mimba, kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kufooketsa chitetezo cha thupi, kwinaku akudya minofu yomwe mukufuna kumangayo. Ma steroid omanga minofu amakulitsadi thupi msanga, koma amawononga mtima ndi chiwindi, amafotetsa machende ndi kuchepetsa mbewu ya abambo. Ngati pali wina ku jimu kwanu amene wakula modabwitsa pa miyezi itatu n'kumati ndi whey, musadziyerekeze naye. Chachiwiri ndi chiponde cha kuchipatala. Chimenechi ndi mankhwala a ana onyentchera, ndipo paketi iliyonse yogulitsidwa pamsika yachotsedwa pakamwa pa mwana wodwala. Chiponde chanu sinjani nokha ndi mtedza wosankha bwino.

Kodi ndiye palibe amene ufa wa whey ungamuthandize? Alipo. Dalaivala wa mathiraki amene amakhala masiku pamsewu wa ku Songwe, namwino wogwira usiku, wophunzira wa ku Mzuni wodya zimene wapeza, munthu wolemera makilo 95 amene akufunika magalamu 150 pa tsiku ndipo mimba yake siingalandire nyemba zochuluka chotero, wamasewera amene akuchepetsa thupi koma safuna kutaya minofu, kapena wokalamba amene chilakolako cha chakudya chinatha. Kwa anthu otere kachikho kamodzi kosungunula m'madzi n'kothandiza, chifukwa sikafuna moto, sikawola msanga ndipo sikalemetsa m'mimba. Chimene amalipira ndi kupepuka kwa ntchito. Tsiku lina ndalama zikadzakuyanjani n'kufuna kugula, mudzagule m'sitolo yodziwika kapena ku famase, chigubu chomata, chosonyeza mapuloteni osachepera magalamu 22 pa magalamu 30, ndipo chidzakhale chowonjezera pa ndiwo, osati cholowa m'malo mwake.

Anzanu adzakuuzaninso kuti muyenera kumwa pasanathe theka la ola mutamaliza jimu, apo ayi thukuta lapita pachabe. Wochita kafukufuku wa ku America Brad Schoenfeld ndi anzake anaunika nkhaniyi mu 2013 ndipo anapeza kuti chachikulu ndi kuchuluka kwa mapuloteni a tsiku lonse, osati mphindi imene mwadyera. Mukaweruka ku jimu n'kukadya nsima ya madzulo kunyumba patatha ola limodzi kapena awiri, palibe chimene mwataya. Chothandiza ndi kugawa magalamu 100 aja katatu kapena kanayi pa tsiku, m'malo mowaunjika onse usiku.

Za impso, munthu wathanzi savulala ndi mlingo umene ndakupatsaniwu, bola azimwa madzi okwanira, makamaka inu amene mumakhala pamoto tsiku lonse. Koma amene ali ndi vuto la impso, shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, ayambe wakambirana ndi adokotala asanawonjezere mapuloteni kwambiri kapena kumwa ufa uliwonse wa m'chigubu.

Ndibwerere ku mawu anu akuti thupi silikusintha. Miyezi isanu ndi yochepa. Woyamba kumene amene akuchita zonse bwino amawonjezera minofu theka la kilo, akachita mwayi kilo imodzi, pa mwezi, ndipo pagalasi zimenezi sizioneka msanga. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Komanso ntchito yanu imadya mphamvu zambiri: kunyamula mageti ndi mafelemu, kuimirira tsiku lonse, ndipo ngati mumapalasa njinga kapena kuyenda pansi kuchoka ku Chibavi kukafika ku Luwinga ndi kubwerera, m'zitunda za Mzuzu ndi kuzizira kwake, chakudya chambiri chimathera pamenepo. Thupi likapelewera mphamvu limawotcha mapuloteni omwewo ngati nkhuni, ndiye ngakhale mutamwa whey makapu atatu simungakule. Nsima, mpunga, mbatata ndi nthochi musachepetse. Zitsulo nazo ziyenera kumalemera pang'onopang'ono. Ngati mukunyamula chitsulo chomwecho kakhumi monga munkachitira mwezi woyamba, minofu ilibe chifukwa chokulira. Musamangolimbana ndi mikono ndi chifuwa, miyendo ndi msana ndiko kuli minofu ikuluikulu. Ndipo gonani maola 7 kapena 8, chifukwa kumanga kwenikweni kumachitika mukupuma.

Chitani izi kwa masabata asanu ndi atatu. Pezani kope, muzilembamo kulemera kwa chitsulo chilichonse ndi maulendo amene mwachinyamula. Dziyezeni pasikelo imodzimodzi kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, ndipo kamodzi pamwezi yezani mkono, chifuwa ndi ntchafu ndi tepi ya atelala. Sikelo izikwera ndi kota ya kilo pa sabata kapena kuchepera pang'ono. Ikaima malo amodzi masabata atatu otsatizana, wonjezerani mtanda umodzi wa nsima ndi dzanja lina la mtedza pa tsiku. Koma mukaona kuti mukudya chonchi ndipo sikelo ikutsika, kapena pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kutsegula m'mimba pafupipafupi, pitani kuchipatala mukayezetse TB, HIV, shuga ndi njoka za m'mimba musanaganize zogula china chilichonse.